Pamene Ulendo wa m'Mlengalenga Unasanduka Malonda

Pa 12 April 1961, mnyamata wa zaka 27 dzina lake Yuri Gagarin, mwana wa kalipentala wa kumudzi m'dziko la Russia, anakwera chombo chotchedwa Vostok 1 pa bwalo la Baikonur m'chipululu cha Kazakhstan, nazungulira dziko lapansi kamodzi m'mphindi 108. Sanalipire ngakhale khobiri, pakuti boma la Soviet Union ndilo linamusankha, kumuphunzitsa ndi kumutuma. Patapita zaka 40, pa 28 April 2001, pa bwalo lomwelo pananyamuka bambo wa ku America wa zaka 60, Dennis Tito, amene sanatumidwe ndi boma lililonse. Iye anagula mpando wake ndi ndalama za m'thumba mwake, ndipo mbiri inamveka kuti analipira madola 20 miliyoni. Kuchokera pa ulendo woyambawo kufika pa wachiwiriwo, ndi kupitirira mpaka masiku athu ano, pali mbiri imene tikufuna kuti tiilondole pamodzi, okondedwa awerengi. Nkhaniyi ikuoneka yakutali, koma funso lake n'lodziwika kwa aliyense: nanga zimatha bwanji pamene chitsime chimene chinakumbidwa ndi mudzi wonse chipeza munthu wokhala pa chipata n'kumatolera ndalama?

Nthawi ya maboma

M'zaka zoyambirira kunalibe munthu kapena kampani imene ikadatha kusenza mtolo wotumiza munthu m'mlengalenga. Ntchitoyi inali ya maboma awiri, la America ndi la Soviet Union, amene ankapikisana mwaudani pofuna kuonetsa dziko lonse kuti wamphamvu ndani. Pofuna kufika ku mwezi, dziko la America linamwaza madola pafupifupi 25 biliyoni pa ntchito ya Apollo, ndipo anthu ogwirapo ntchito anafika pafupifupi 400,000. Ndalama zonsezi zinali za msonkho, zochokera m'thukuta la mlimi, mphunzitsi ndi wogwira ntchito m'fakitale. Amuna 12 amene anaponda pa mwezi pakati pa 1969 ndi 1972 anapitako m'dzina la anthu onsewo.

Panalinso mtengo wina wosawerengeka ndi ndalama. Pa 27 January 1967, Gus Grissom, Ed White ndi Roger Chaffee anapsa m'chombo cha Apollo 1 chikuyesedwa pansi pompano. M'mwezi wa April chaka chomwecho, Vladimir Komarov anafa pamene chombo chake cha Soyuz 1 chinamenyetseka pansi, parachuti italephera kutambasuka bwino. Mu 1971 anzake atatu anafa pobwerera ndi Soyuz 11, mpweya utathawa m'chombo. Nzeru zambiri zimene zikusunga moyo wa oyenda m'mlengalenga lero zinaphunziridwa pa maliro otere.

Tsiku lomwe chombo cha Apollo 1 chinapsa ndilo tsikunso limene maiko anayamba kusaina pangano lalikulu lokhudza mlengalenga, ku Washington, ku London ndi ku Moscow. Panganoli linakhazikitsa kuti palibe dziko limene lingatenge mwezi kapena mbali ina ya mlengalenga kukhala yake, ndi kuti kufufuza kumeneko kuchitike pokomera maiko onse, olemera ndi osauka omwe. Pokambirana, a Soviet Union ankafuna kuti maboma okha ndiwo azigwira ntchito kumeneko, pamene a ku America ankafuna kuti makampani asatsekeredwe kunja. Anakumana pakati: kampani ingathe kupita, koma ilandire chilolezo kwa boma la dziko lake, boma lipitirize kuiyang'anira, ndipo bomalo ndilo lidzayankha pa zochita zake. Mfundo imeneyi tiisunge, pakuti tidzaifunanso kumapeto.

Tisaganize kuti m'masiku amenewo anthu wamba analibe chilakolako chokwera kumeneko. Ku Zambia, m'chaka cha ufulu cha 1964, mphunzitsi wina, Edward Mukuka Nkoloso, anasonkhanitsa achinyamata pafupi ndi Lusaka nayamba kuwakonzekeretsa ulendo wa ku mwezi powagubuduza m'migolo pa chitunda. Anapempha thandizo la mapaundi 7 miliyoni ku bungwe la UNESCO, koma sanalandire. Atolankhani akunja anamuseka kwambiri. Komabe nkhani yake ikutionetsa kuti maloto analipo ponseponse, ndipo chimene chinkasiyanitsa anthu ndi nkhokwe imene inali kumbuyo kwawo.

Mipando yoyamba kugulitsidwa

Khomo linayamba kutseguka pang'ono pamene America inayamba kuulutsa zombo zotchedwa Space Shuttle mu 1981, zimene zinkatera ngati ndege ndi kuulukanso. Mu August 1984, Charles Walker, injiniya wa kampani ya McDonnell Douglas, anakwera chombo cha Discovery kukayesa makina a kampani yake othandiza popanga mankhwala. Iye sanali wantchito wa boma, ndipo kampani ndiyo inalipira. Ambiri anayamba kukhulupirira kuti ulendowu wasanduka wamasiku onse, mpaka bungwe la NASA linasankha mphunzitsi wa sekondale, Christa McAuliffe, kuti akaphunzitse ana ali m'mlengalenga. Pa 28 January 1986, chombo cha Challenger chinaphwasuka patangopita masekondi 73 chinyamukire, ana asukulu akuonera pa wailesi yakanema, ndipo onse 7 amene analimo anafa. Kuyambira pamenepo America inachita mantha kunyamula anthu wamba.

Chodabwitsa m'mbiriyi n'chakuti dziko limene linkakana makampani mu 1967 ndilo linayamba kugulitsa mipando poyera. Chuma cha Soviet Union chitayamba kugwa, akuluakulu a ntchito za m'mlengalenga anafunafuna ndalama kulikonse. Mu December 1990 kampani ya wailesi yakanema ya ku Japan yotchedwa TBS inalipira kuti mtolankhani wake, Toyohiro Akiyama, akakhale sabata imodzi pa siteshoni ya Mir. Mu May 1991 Helen Sharman wa ku Britain anapitanso komweko. Soviet Union itatha kumapeto kwa chaka chimenecho, dziko la Russia linatsala ndi zombo zodalirika ndi akatswiri odziwa ntchito, koma m'thumba mulibe kanthu. Njala ndiyo inatsegula msika.

Umu ndi m'mene Dennis Tito anapezera njira. A NASA anakana kwambiri kuti mlendo wosaphunzira ntchito mokwanira alowe mu International Space Station, imene panthawiyo inali ikumangidwa kumene, koma a ku Russia anaumirira kuti mpando wa m'chombo chawo ndi wawo. Tito anakhala m'mlengalenga masiku pafupifupi 8. Chaka chotsatira, mu April 2002, anapita Mark Shuttleworth wa ku South Africa, mnyamata wa zaka 28 amene analemera ndi malonda a pa kompyuta, nachita nawo kafukufuku wina wokhudza matenda a Edzi. Mu 2006 anapita Anousheh Ansari, mayi wobadwira ku Iran. Pakati pa 2001 ndi 2009, anthu 7 anagula maulendo 8 otere, pakuti mmodzi wa iwo, Charles Simonyi, anapita kawiri. Onsewa anakwera zombo za boma, kupita ku nyumba yomangidwa ndi maboma. Chawochawo chinali ndalama ya mpando.

Makampani ayamba kumanga zombo zawo

Sitepe lotsatira linali lakuti kampani imange chombo chake. Mu 1996 kunalengezedwa mphotho ya madola 10 miliyoni kwa gulu lililonse losakhala la boma limene lingakweze chombo chonyamula anthu kufika makilomita 100, kawiri m'masabata awiri. Burt Rutan anamanga kachombo kotchedwa SpaceShipOne ndi ndalama za Paul Allen, mmodzi wa oyambitsa kampani ya Microsoft. Pa 21 June 2004, Mike Melvill, wobadwira ku Johannesburg, anakaulutsa kupitirira malire aja, ndipo pa 4 October chaka chomwecho mphothoyo inatengedwa.

Pano tiyenera kusiyanitsa maulendo a mitundu iwiri, pakuti nyuzipepala zimakonda kuwasakaniza. Pali ulendo wokwera ndi kutsika, wonga mwala woponyedwa m'mwamba: munthu amafika makilomita 80 kapena 100, nayandama mphindi zitatu kapena zinayi, kenaka n'kubwerera. Palinso ulendo wozungulira dziko, umene umafuna liwiro la makilomita pafupifupi 28,000 pa ola, kuti chombo chizigwa koma osafika pansi, chifukwa dziko nalo n'lobulungira ndipo likupendekeka pansi pake. Wachiwiriwu umafuna mphamvu zochuluka kwambiri kuposa woyambawo, ndipo pobwerera chombo chimadutsa m'moto wobadwa ndi kukhulana ndi mpweya. SpaceShipOne inachita woyambawo, ndipo ambiri ankayesa kuti pakangopita zaka zochepa anthu zikwizikwi adzakwera. Zinatenga zaka 17 kuti ngakhale mwini malondawo akwere.

M'zaka zodikirazo munagwanso maliro. Mu July 2007 antchito atatu anafa ku Mojave m'chigawo cha California pamene zida za injini zinaphulika poziyesa. Pa 31 October 2014 chombo cha SpaceShipTwo, chomangidwira kampani ya Virgin Galactic, chinaphwasuka m'mwamba, ndipo woyendetsa wachiwiri, Michael Alsbury, anafa. Amene anafa pa malonda atsopanowa anali antchito, osati olemera odikira mipando.

Mu December 2004 nyumba ya malamulo ya ku America inakhazikitsa lamulo limene lapereka nkhope ku malonda onsewa. Boma linasunga udindo woteteza anthu apansi kuti roketi isawagwere, koma linadziletsa kwa kanthawi kuika malamulo ambiri oteteza okwera m'chombomo, ponena kuti ntchito yatsopano ifunika mpata wophunzira. M'malo mwake wokwera amauzidwa zoopsa zonse, amauzidwanso kuti boma silinatsimikize chitetezo cha chombocho, ndipo iye amasaina kuti wamva ndi kuvomera. Nthawi yophunzirayo yakhala ikuwonjezedwa kangapo.

Mwini asanduka wokwera

Kusintha kwakukulu kunachokera ku boma lenilenilo. Chombo cha Columbia chitaphwasuka pobwerera pa 1 February 2003, n'kuphanso anthu 7, America inaganiza zopumitsa zombo za Space Shuttle, ndipo chomaliza chinatera mu July 2011. Kwa zaka pafupifupi 9, dziko limene linafika ku mwezi linalibe chombo chonyamulira anthu ake, ndipo linkagula mipando kwa a ku Russia pa mtengo umene unakwera mpaka kupitirira madola 80 miliyoni pa munthu mmodzi. Tsono a NASA anasintha njira. M'malo momanga chombo chawochawo, anauza makampani kuti amange, boma lithandize ndi ndalama ndi nzeru, kenaka lizilipira ulendo monga munthu alipira basi, ndipo mipando yotsala kampani igulitse kwa amene ikufuna.

Kampani ya SpaceX, imene Elon Musk anayambitsa mu 2002, inali pafupi kugwa mu 2008, maroketi ake atatu oyamba atalephera. Yachinayi inatheka mu September, ndipo mu December chaka chomwecho a NASA anaipatsa ntchito ya madola 1.6 biliyoni yonyamula katundu kupita ku siteshoni. Mu September 2014 anagawanso ntchito yonyamula anthu: madola 4.2 biliyoni kwa Boeing ndi madola 2.6 biliyoni kwa SpaceX. Tisaiwale kuyamikira luso la kampaniyi, pakuti mu December 2015 inakwanitsa kutsitsa gawo lalikulu la roketi ya Falcon 9 n'kuliimika pansi bwinobwino kuti lidzagwirenso ntchito, chinthu chimene chinatsitsa mtengo wa maulendo. Pa 30 May 2020, Doug Hurley ndi Bob Behnken ananyamuka ndi chombo cha Crew Dragon ku Florida, pa nsanja yomwe Apollo 11 inanyamukira mu 1969.

Kampani inayo sizinaiyendere chimodzimodzi. Chombo cha Boeing chotchedwa Starliner chinanyamula anthu koyamba mu June 2024, koma tiinjini tina towongolera tinavuta. Butch Wilmore ndi Suni Williams, amene anayembekezeka kukhala sabata imodzi ndi masiku ochepa, anakhala pa siteshoni miyezi 9, nabwerera mu March 2025 ndi chombo cha SpaceX. Pamenepa panaoneka ubwino wokhala ndi njira ziwiri, ndi kuopsa kotsala ndi imodzi yokha m'manja mwa mwini mmodzi.

Chaka cha 2021 ndi zotsatira zake

Mu July 2021 anthu awiri olemera kwambiri anakwera zombo za makampani awo pa maulendo okwera ndi kutsika aja: Richard Branson pa 11 July ndi Jeff Bezos pa 20 July. Ulendo wa Bezos unatenga mphindi 10 zokha. Mu September chaka chomwecho munachitika chachikulu koposa: anthu anayi, popanda ndi mmodzi yemwe wotumidwa ndi boma, anazungulira dziko masiku atatu pa ulendo wotchedwa Inspiration4. Wolipira anali Jared Isaacman, ndipo mmodzi wa okwera anali Hayley Arceneaux wa zaka 29, amene anachira khansa ya m'mafupa ali mwana, nadzagwira ntchito pa chipatala cha ana cha St. Jude chimene chinamuchiritsa. Ulendowu unasonkhanitsira chipatalacho madola opitirira 200 miliyoni. Mu September 2024 Isaacman yemweyo anatsogolera ulendo wa Polaris Dawn, umene unafika makilomita 1,400, kutali kuposa kumene munthu anafikako chithere maulendo a Apollo, ndipo iye ndi Sarah Gillis anasuzumira kunja kwa chombo atavala zovala zapadera zosokedwa ndi kampani.

Kampani ina, Axiom Space, inayamba kukonza maulendo opita ku International Space Station. Woyamba unachitika mu April 2022, ndipo amuna atatu olemera akuti analipira madola 55 miliyoni aliyense. Koma taonani amene anakwera pambuyo pake. Mu May 2023 anapita Rayyanah Barnawi, mayi woyamba wa ku Saudi Arabia kufika m'mlengalenga. Mu January 2024 anapita Alper Gezeravcı, munthu woyamba wa ku Turkey. Mu June 2025 anapita Shubhanshu Shukla wa ku India, Sławosz Uznański-Wiśniewski wa ku Poland ndi Tibor Kapu wa ku Hungary. Maiko atatu omalizawa anali atatumizapo munthu mmodzimmodzi kalekale, Poland mu 1978, Hungary mu 1980 ndi India mu 1984, pokwera zombo za Soviet Union chifukwa cha ubwenzi wandale. Tsopano anabwereranso polipira. Motero ngakhale maulendo otchedwa a makampani, ogula ake ambiri ndi maboma, ndipo ndalama zake ndi za msonkho.

Kuyeza pa sikelo

Kungakhale kupanda chilungamo kunena kuti malondawa sanabweretse chabwino. Mtengo watsika, ndipo maiko amene sakadatha kumanga roketi apeza njira. Anthu ena amene boma linawatsekera khomo analowa. Wally Funk anapambana mayeso a thupi mu 1961 pamodzi ndi amayi anzake, koma sanaloledwe chifukwa anali mkazi, ndipo anakwera ndi Bezos ali ndi zaka 82. Ed Dwight, woyendetsa ndege wachikuda amene anaphunzitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 koma osasankhidwa, anakwera mu May 2024 ali ndi zaka 90. Mu August 2022 Sara Sabry wa ku Egypt anakhala mayi woyamba wa mu Africa kufika kumeneko. Izi n'zokondweretsa. Komabe tizindikire kuti Funk, Arceneaux, Dwight ndi Sabry sanagule okha mipando yawo. Anaitanidwa, ndipo wina analipira. Kuitanidwa ku phwando n'kokoma, koma mwini phwando ndiye amasankha woitanidwa, ndipo tsiku limene satuma uthenga palibe kumene mungakadandaule.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo mbiri imene tailondolayi ikuvomereza. Nsanja zonyamukira, nzeru za injini, maphunziro ochokera pa ngozi, ndalama zimene zinapulumutsa makampani pa nthawi yovuta, ngakhale nyumba imene alendowo amakagonamo, zonsezi zinatuluka m'nkhokwe ya onse. International Space Station yokha, imene mwakhala anthu mosalekeza kuyambira pa 2 November 2000, inamangidwa ndi mgwirizano wa maiko 15 ndipo inadya madola opitirira 100 biliyoni. Amene watapa m'nkhokwe yotere ali ndi ngongole, ngakhale atakhala waluso chotani.

Nkhaniyi ikufika pachimake tsopano chifukwa siteshoniyo yakalamba. A NASA anakonza zoti ipume cha m'ma 2030, ndipo mu June 2024 anasankha SpaceX kuti imange chombo chodzaitsitsa kuti ikagwere m'nyanja. Cholinga chawo n'chakuti m'malo mwake mubwere masiteshoni a makampani, ndipo boma lizichita lendi chipinda monga wina aliyense. Dziko la China lili ndi siteshoni yakeyake ya boma yotchedwa Tiangong, koma kwa maiko ambiri khomo lidzakhala la makampaniwo. Zikadzatero, wasayansi wa ku dziko losauka amene ali ndi kafukufuku wothandiza odwala kapena alimi adzapikisana ndi mlendo wolemera wofuna kuona dziko pa windo, ndipo mwini nyumba adzayang'ana amene wabwera ndi zambiri, pokhapokha malamulo atanena zina.

Apa ndi pamene pangano la 1967 likubwereranso. Silinafafanizidwe, ndipo maiko oposa 100 analivomereza. Likunenabe kuti boma ndilo limapereka chilolezo, ndilo limayang'anira, ndilo limayankha. Choncho boma silingasambe m'manja ponena kuti zimenezi n'za kampani. Lili ndi mphamvu yonena kuti nthawi yophunzira yakwana ndipo moyo wa wokwera ndi wa wantchito utetezedwe ndi malamulo omveka, kuti njira isatsale m'manja mwa munthu mmodzi, ndi kuti m'nyumba zatsopanozo musungidwe malo a ntchito zothandiza onse. Maiko ang'onoang'ono nawonso ali ndi mpando pa zokambirana za bungwe la United Nations zokhudza mlengalenga, ndipo mpando umenewo sugulidwa ndi madola.

Inu makolo, ana athu akamva za maulendowa pa wailesi kapena kuwaona pa lamya, n'kufunsa ngati munthu wonga iwo angadzapiteko, tisawaseke monga anasekedwera Nkoloso, komanso tisawanamize kuti khomo ndi lotsegukira aliyense. Tiwauze mbiri yonse: ya mwana wa kalipentala amene anatumidwa, ya mphunzitsi amene sanabwerere, ya antchito a ku Mojave, ndi ya anthu mamiliyoni osatchulidwa maina amene msonkho wawo unamanga njirayo. Mwana wodziwa amene anakumba chitsime sachita manyazi kufunsa wokhala pa chipata kuti madziwo akugawidwa motani.